Kuwedza pa kayaki ku False Bay: bwato lake limasankhidwa ndi mphepo

Mukapita ku Miller's Point kapena pa gombe la Fish Hoek, ku False Bay kufupi ndi Cape Town ku South Africa, m'mamawa Loweruka kunja kusanache bwinobwino, mupeza anthu akutsitsa timabwato tatitali topyapyala pa madenga a magalimoto, ena atavala zothina zakuda zija, tochi ili pamphumi, akulongedza ndodo zowedzera mwakachetechete ngati akupita kokaba. Munthu wokulira ku Nkhotakota kapena ku Makanjira akaona zimenezi poyamba amaseka, amati kabwato kameneka ndi kosewerera ana, ife timakwera bwato la mtengo anthu atatu ndi ukonde womwe. Koma dikirani cha m'ma 11 koloko akamabwerera, wina akutulutsa nsomba za snoek zisanu ndi ziwiri m'mimba mwa kabwato komweko, apa mpamene mafunso amayamba. Ndipo funso lake limakhala limodzi lomwelo, kaya afunsa ndi wa ku lokeshoni ya Masiphumelele kaya ya Capricorn, amati achimwene nanga ine nditafuna kuyamba ndigule iti?

Yankho langa ena sasangalala nalo chifukwa amayembekezera kuti nditchula dzina la kampani basi nkhani yatha. Ayi. Kayaki yowedzera mu bay ya nyanja yamchere mumasankha poyang'ana mphepo ya malowo, nsomba zimabwera pambuyo. Ndifotokoze pang'onopang'ono.

Choyamba kayaki ndi chiyani, poti si tonse tinaiona pafupi. Dzinali ndi la anthu a mtundu wa Inuit a kumpoto kozizira kwambiri uko, ku Greenland, Canada ndi Alaska, iwo ankapanga mabwato a munthu mmodzi ndi zikopa za nyama zam'madzi zokutira pa mitengo ndi mafupa, n'kumasakira nyama. Munthu ankalowa m'kati miyendo yonse kubisika. Makayaki a mtundu umenewo alipo mpaka pano koma owedza ambiri sawafuna, chifukwa likalowa madzi kapena likagubuduzika pamafunika luso kuti upulumuke. Amene owedza amagwiritsa ntchito ndi okhala pamwamba, amene anatchuka kuchokera ku California m'zaka za m'ma 1970, bambo wina dzina lake Tim Niemier ndi amene anawakankha kwambiri mpaka anayambitsa kampani ya Ocean Kayak. Thupi la kayaki yotereyi ndi lotseka ngati chigubu, m'kati muli mpweya, inu mumakhala pamwamba pake, ndipo pali timabowo todutsa mpaka pansi kuti funde likakukhuthukirani madzi azituluka okha. Palibe zokapa madzi ndi chitini ngati kwathu. Nkhafi yake ndi ya mbali ziwiri, mumapalasa uku ndi uku mosinthana, ndiye bwato silikhotakhota kwambiri.

Tsopano False Bay. Ife mawu oti bay timawadziwira ku Monkey Bay ndi Nkhata Bay, malo amene nyanja yalowa kumtunda mapiri n'kuitchinga, madzi n'kukhala bata, sitima n'kumakocheza bwinobwino. Ndiye munthu akamva kuti akawedza mu bay amaganiza kuti ndi malo obisika. False Bay si choncho. Kuchoka ku Cape Point mbali ya kumadzulo kukafika ku Cape Hangklip mbali ya kum'mawa ndi makilomita pafupifupi 30, ndipo kukamwa kwake kwayang'ana kummwera, kumene kulibe dziko lina lililonse mpaka ku Antarctica. Mafunde akuluakulu ochokera kutali uko amalowa momasuka. Dzina lenilenilo linabwera chifukwa chonamiza anthu: amalinyero akale pochokera kum'mawa ankati akaona phiri la Hangklip n'kuganiza kuti ndi Cape Point, n'kukhota molakwika kulowa muno m'malo mopita ku Table Bay, Apwitikizi mpaka anatcha phirilo Cabo Falso. Inde madzi a muno ndi ofundirako poyerekeza ndi mbali ya Hout Bay ndi Camps Bay, koma kufunda kwake n'kwa ku Cape, nthawi yozizira amakhala cha m'madigiri 14, chilimwe mwina kufika 20. Nyanja yathu ija sitsika kwenikweni pansi pa 23 kapena 24. Kusiyana kumeneku musakuiwale, ndibwereranso.

Mphepo ndiye mwini bay. Kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi kumawomba ya kummwera chakum'mawa, imene anthu a kuno amaitcha Cape Doctor, ati imasesa utsi ndi zoipa mu tawuni. Kwa ife ndi mwera basi, mbali yake ndi yomweyo, khalidwe lakenso lomwelo, kungoti wa kuno amabwera nthawi yotentha pomwe wathu amavuta Juni ndi Julayi, ndipo wa kuno amatha kuwomba masiku atatu anayi osapuma. Masiku ambiri m'mawa kumakhala zii, madzi ngati galasi, kenako cha m'ma 10 kapena 11 mungoona timizere toyera tayamba kutali, pasanathe theka la ola zinthu zasintha. Mwera ameneyu ku mbali ya Simon's Town amawomba motsata gombe kulowera ku Fish Hoek ndi Muizenberg, moti anyamata ochita mpikisano wopalasa amamudikirira dala, amanyamuka pa Miller's Point mphepo n'kuwakankha makilomita pafupifupi 12 mpaka ku Fish Hoek, amati Miller's Run. Kwa iwo ndi masewera. Kwa inu amene munasiya galimoto pa Miller's Point n'kutsetserekera chakumpoto mukutsata nsomba, ndiye kuti kubwerera n'kolimbana ndi mphepo yomweyo maso ndi maso.

Koma yoopsa kwenikweni si imeneyi. Yoopsa ndi mphepo yochokera kumtunda kupita pakati pa nyanja, chifukwa imanamiza. Nthawi yozizira kumabwera ya kumpoto chakumadzulo, imatsika m'mapiri a peninsula, mtunda wautali uja wothera ku Cape Point, n'kumakankhira kunja. Mukaima pagombe madzi amaoneka osalala, mulibe funde ndi limodzi lomwe, chifukwa mphepo sinapeze mpata wowautsa, mumati lero ndiye tsiku. Mukangotalikira kilomita imodzi kapena awiri mupeza ikukukankhani kumsana, zikukoma, bwato likuthamanga, ndiye tembenukani muone. Mbali ya Gordon's Bay zimenezi zimachitika ndi mwera yemwe uja, amagwa kuchokera m'mapiri a Hottentots Holland mwaukali n'kumapita kunyanja. Ndiye mphepo imodzi yomweyo ku Muizenberg imakubwezerani kumtunda, ku Gordon's Bay imakutengani. Asodzi a kwathu amadziwa za mpoto ndi mwera ndi vuma pa dooko lawo, kuno nakonso gombe lililonse lili ndi mphepo yake yoipa, muyenera kuiphunzira pa malo amene muzinyamukira.

Tiwerengere limodzi pang'ono. Munthu wamba pa kayaki yowedzera yodzaza katundu amayenda makilomita 5 kapena 6 pa ola madzi ali bata. Zanyengo za panyanja amaziyeza mu ma knot, knot imodzi ndi makilomita 1.85 pa ola, ndiye mukaona pa foni kuti mphepo ifika ma knot 15 ndiye kuti ndi makilomita 28 pa ola. Thupi lanu, ndodo zoimikidwa kumbuyo, bokosi, mbali za bwato zotuluka pamwamba pa madzi, zonsezi zimasanduka thanga. Pa bwato lalifupi lotambalala, mphepo ngati imeneyo ikhoza kukudyerani theka la liwiro lanu kapena kuposa, ndipo mukangoima kuti mupume kapena mumasule mbedza mumabwerera mmbuyo. Ikafika ma knot 25 mumapalasa thukuta kamukamu koma mwala umene munauona pambali panu uli pomwepo. Apa ndi pamene kusankha bwato kumalowera.

Lamulo lake ndi lakalekale, ngakhale wosema bwato ku Senga Bay amalidziwa: lalitali ndi lopyapyala limathamanga ndipo limayenda mowongoka, lalifupi ndi lotambalala limakhazikika koma ndi laulesi. Kayaki ya mamita atatu ndi yabwino pa damu kapena mu mtsinje, mu False Bay ine sindingakulangizeni. Kuyambira mamita anayi kupita mtsogolo ndiye tayamba kulankhula, ndipo ambiri amene amapita kutali amakwera za mamita asanu kapena kuposerapo, m'lifupi mwake masentimita 60 mpaka 70.

Vuto ndi loti munthu woyamba amaopa kugwa, ndiye akafika mu shopu amathamangira lotambalala kwambiri, amalikhalira pansi pa simenti n'kumati ili ndiye bwato, silikugwedera. Koma kukhazikika kuli mitundu iwiri ndipo ogulitsa ena satchula. Kulipo kukhazikika kwa pa madzi abata, kumene bwato la pansi pafulati limapambana, mpaka mukhoza kuimirira. Ndiye kulipo kukhazikika kwa pamene bwato lapendekeka, ngati limakugwirani n'kubwerera kapena limangopitirira. La pansi pafulati limatsatira nkhope ya madzi, funde likabwera chammbali lonse limapendekeka limodzi ndi fundelo, ndipo likadutsa malire ake limatembenuka kamodzi n'kamodzi osachenjeza. La pansi pozungulirako limagwedera mukangokwera, tsiku loyamba mawondo amanjenjemera, koma funde limadutsa pansi pake inu chiuno chikungovina. Amene anakwerapo bwato la mtengo akudziwa zimene ndikunena, lija limagwedera mlendo mpaka kukuwa koma mwini wake amadutsa nalo mwera. Pa nkhani iyi yokha ife a kunyanja tili ndi poyambira pabwino kuposa ambiri.

Kenako pali nkhani ya pulasitiki ndi faiba, imene anthu amakangana mpaka kudana. Za pulasitiki amaziumba mu chikombole chotentha chozungulira, zimatuluka chinthu chimodzi chopanda msoko, ndi zolimba zedi, mukhoza kuzikoka pamiyala, kugunda simenti ya potsitsira maboti, sizisweka. Kuipa kwake ndi zolemera, zimachedwa pamadzi, zikakhalitsa padzuwa zimafooka ndi kupindika, ndipo zikang'ambika kumata kwake n'kovuta chifukwa guluu wamba sagwira. Za faiba ndi zopepuka, zouma gwa, zimang'amba madzi bwino, koma mukagunditsa pamwala zimasweka, ngakhale kuti kukonza kwake n'kosavuta, aliyense wodziwa kumata maboti amatha.

South Africa ili ndi mtundu wakewake wa makayaki a faiba amene amangowatcha kuti ski, anakulira ku Durban ndi gombe la KwaZulu-Natal kumene kuti ufike pa nsomba uyenera kaye kuboola mafunde akuluakulu osweka pagombe. Kampani yodziwika kwambiri ndi Stealth ya ku Durban komweko, mayina a mabwato ake amakuuzani kutalika, mukamva 525 ndiye kuti mamita 5.25. Chimene ndimachikonda pa mabwato amenewa ndi dzenje lalitali lokhala ndi chivundikiro limene lili pakati pa miyendo, limalowa mpaka kutsogolo. Ponyamuka ndi pobwera ndodo zonse mumalowetsa mmenemo n'kutseka, funde likakugubuduzani palibe chotayika kapena chothyoka, ndipo nsomba mukagwira imalowa momwemo, magazi osadontha m'madzi. Ali ndi chiwongolero kumbuyo chimene mumaponda ndi zala za kumapazi, ndipo pa mphepo yammbali chimenechi n'chofunika kwambiri, popanda icho mumapalasa mbali imodzi yokha mpaka phewa kuwawa.

Ndiye pali aja mumawaona pa YouTube, a ku America, otambalala pafupifupi mita yathunthu, mpando ngati wa pa khonde, munthu ataimirira akuponya. Ndi okongola, sindikana. Koma anapangidwira madamu ndi madambo abata a ku Florida ndi Texas, ena amalemera kupitirira makilo 50 musanaikemo kanthu, mpando wake uli pamwamba ndiye mphepo imakumenyani thupi lonse. Ambiri mwa amenewa ndi opalasa ndi miyendo ngati njinga, kampani ya Hobie ndi imene inatulutsa makina otere mu 1997, ali ndi zipsepse ziwiri pansi zimene zimakupiza. Ubwino wake ndi woona, miyendo ndi yamphamvu kuposa mikono ndipo manja amakhala omasuka kugwira ndodo, polimbana ndi mphepo amachitanso bwino ndithu. Koma mtengo wake mukhoza kugulira kagalimoto kakale, mbali ya Miller's Point kuli nkhalango ya zomera zam'madzi zija amati kelp zimene zimakola zipsepsezo, ndipo makina akathyoka muli kutali mwatsala ndi chibwato cholemera choti mupalase ndi manja. Kwa munthu woyamba amene ndalama zake ndi za maganyu, ine ndimati iwalani kaye.

Kulemera kwa bwato anthu amakupeputsa. Kayaki ya pulasitiki ya mamita anayi imatha kulemera makilo 30 kapena kuposa, ya faiba yaitali kuposa pamenepo imakhala cha m'ma 25. Pamadzi simumva, koma muyenera kuikweza pa denga la galimoto 4 koloko m'mawa muli nokha, kuitsitsa, kuikokera kumadzi, ndiye pobwera mutatopa kubwerezanso zonsezo mphepo ikufuna kukulandani. Mabwato ambiri amene amagulitsidwa atagwira ntchito kawiri kokha chifukwa chake n'chimenechi, mwini wake anatopa nalo lisanafike n'kumadzi komwe. Ndipo ngati mukukhala mu kachipinda ka lendi kuseri kwa nyumba ya eni, dzifunseni kuti chinthu cha mamita asanu muchisunga pati. Ena amalowa makalabu a opalasa a ku Fish Hoek kapena Simon's Town chifukwa cha malo osungira omwewo, n'kupezanso anzawo opita nawo.

Pa bwato lililonse amalemba makilo amene linganyamule. Nambala imeneyo musaikhulupirire yonse, imatanthauza kuti silimira, sikuti liyenda bwino. Werengani thupi lanu, zovala zonyowa, madzi akumwa, ndodo, batire, nangula, ayezi, ndi nsomba zimene mukuyembekeza, zonse pamodzi zisapitirire magawo atatu mwa anayi a nambala yalembedwayo. Mukadzaza kwambiri timabowo totulutsa madzi tija timayamba kulowetsa, mumakhala m'chithaphwi tsiku lonse.

Tsopano mayeso amene ine ndimati ndi enieni, oposa zonse ndanenazi. Musanapereke ndalama, kapena mukangogula musanapite ndi mbedza, pitani nalo pa malo osaya abata ngati Long Beach ku Simon's Town, pakhale mnzanu, valani zonse zimene muzivala, lowani pamene mapazi sakufika pansi, ndipo dzigwetseni dala. Litembenuzeni, mukwerenso. Njira yake mumagona chafufumimba pamadzi miyendo ili kumbuyo, mumagwira mbali ya kutali, n'kudzikoka mpaka mchombo ufike pampando, kenako n'kutembenuka kukhala pansi miyendo ikulendewera, n'kuilowetsa umodziumodzi. Zikumveka zophweka. Yesani kachitatu motsatizana muone mmene mikono imathera. Bwato lalitali m'mbali, kapena limene mwalidzaza zoikamo ndodo ndi timabokosi mbali zonse, limakukanani. Ngati simungathe kukweranso pa madzi abata ndiye kuti pa mafunde simudzatha, ndipo bwato limenelo si lanu ngakhale mtengo utakoma bwanji.

Apa ndi pamene kuzizira kuja kumabwerera. Kwathu bwato likagubuduzika anthu amakakamira n'kuyandama maola ambiri mpaka anzawo kuwapeza. M'madzi a madigiri 14 mukangogwa mpweya umabanika, mumapuma mothamanga osafuna, ndipo pakapita mphindi khumi kapena makumi awiri zala zimayamba kukanika kugwira, kudziwa kusambira sikuthandiza kwenikweni. N'chifukwa chake anthu aja amavala wetsuit, zothina zakuda zija, ngakhale dzuwa likuwala, osati jinzi ndi juzi zimene zikanyowa zimakukokerani pansi. Laifu jaketi ikhale pathupi yomanga, osati kuseri kwa mpando. Nkhafi imangiriridwe ku bwato ndi kachingwe, ndipo pa mphepo ambiri amadzimangiriranso okha, chifukwa kayaki yopanda munthu imauluzika mwachangu kuposa mmene munthu aliyense angasambirire. Foni ikhale mu kathumba kosalowa madzi pa chifuwa panu, si mu dzenje la bwato limene lakuthawani. Opulumutsa anthu panyanja kuno ndi a NSRI, bungwe la anthu ongodzipereka limene linayamba mu 1967, ali ndi masiteshoni ku Simon's Town, Strandfontein ndi Gordon's Bay, ndipo ali ndi app yaulere ya SafeTrx imene imaonetsa pamene muli, mukachedwa kubwera imadziwitsa anthu. Pa foni iliyonse 112 imagwira. Mtundu wa bwato nawo, sankhani lowala, lachikasu kapena lofiirira ngati lalanje. Lobiriwira ngati la asilikali limakongola pa chithunzi koma pakati pa mafunde ngakhale boti la injini silikuonani.

Za nsomba ndinene mwachidule poti zimafuna nkhani yakeyake, koma zimakhudza bwato. Snoek ndi imene imapenga nayo Cape yonse, yaitali ngati ncheni wamkulu kwambiri, mano ngati malezala, imabwera m'magulu makamaka nthawi yozizira ndipo sipangana ndi munthu, sabata ino ili ku Buffels Bay sabata yamawa yasowa. Ikalowa m'bwato ili moyo pakati pa miyendo yanu mudziwa chifukwa chake asodzi a ku Kalk Bay amaithyola khosi nthawi yomweyo. Imafunanso kuzizira msanga, ikakhala padzuwa mnofu umafewa n'kukhala phala, amati pap snoek, chimachititsa ndi kachilombo kena kokhala mu mnofu, ndiye dzenje lija ndi mabotolo a madzi oundana zimathandiza. Yellowtail ndi ya chilimwe, yamphamvu moti imakoka bwato ngati ng'ombe pa ngolo, imakonda cha ku Cape Point, ndipo kuti muipeze mumapalasa mtunda wautali mukukoka nyambo yabodza kumbuyo, apa bwato lothamanga ndiye limaoneka phindu lake. Ndi nsomba yomweyi imene asodzi a makoka a pa Fish Hoek amaikokera kumtunda, munthu wina ali paphiri kuwaonetsa pamene gulu lili, mukawaona mukumbuka kwathu. Koma ngati cholinga chanu ndi kukhala pafupi ndi miyala kuwedza red roman ndi hottentot, kapena chokka, kanyama kam'madzi kofewa ka miyendo yambiri kamene amati squid, cha ku Simon's Town, mtunda wake ndi waufupi ndipo pulasitiki ya mamita anayi ikukwanirani bwinobwino. Pa kuwedza kokhala malo amodzi, nangula musamangirire pambali pa bwato, funde likakoka limakugwetsani, chingwe chizichokera kumphuno kapena kumbuyo, ndipo mpeni ukhale pafupi. Ambiri amakonda kachithumba kokoka m'madzi kooneka ngati ambulera kamene kamachepetsa kuuluzika.

Funso la shaki silingalephere. False Bay inali yotchuka dziko lonse chifukwa cha ma great white amene ankadumpha m'mwamba posaka ma seal pa Seal Island, kachilumba ka miyala kokhala ndi nyama zimenezi zikwi makumimakumi, zooneka ngati akatumbu akuluakulu. Bungwe la Shark Spotters linayamba mu 2004 ku Muizenberg, anthu okhala paphiri ndi magalasi kuchenjeza osambira. Koma kuyambira cha mu 2017 ma great white anachepa kwambiri mpaka kusowa, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene akatswiri amatchula ndi anamgumi awiri a mtundu wa orca otchedwa Port ndi Starboard, amene amapha shaki n'kudya chiwindi chokha. Shaki zina monga bronze whaler zilipobe. Ndiye musamangirire nsomba m'madzi pambali pa bwato ngati mmene timachitira ndi kampango, ndipo musalendewetse mapazi pamene mukukhetsa magazi. Kunena zoona amene angakuvutitseni tsiku ndi tsiku ndi ma seal, amadikira mwakoka snoek mpaka pafupi n'kukusiyirani mutu wokha. Kale tinkangowatukwana, koma mu 2024 boma linatsimikiza kuti ena mwa iwo ali ndi chiwewe, ndiye ikayandikira modabwitsa chokanipo, ikakulumani thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Kuyambira Juni mpaka Novembala mumabweranso anamgumi akuluakulu a southern right, lamulo limati mutalikirane nawo mamita 300.

Malamulo ndiwo amene abale athu ambiri amagwa nawo, poti kwathu sitinazolowere zotenga chiphaso cha mbedza. Kuno kuwedza m'nyanja yamchere kumafuna pamiti ya boma pansi pa lamulo la Marine Living Resources Act la 1998, kale tinkagula ku positi ofesi, pano imapezekanso pa intaneti ku dipatimenti yoona za nsomba. Pamiti imeneyi ndi yowedza kuti mukadye, kugulitsa n'koletsedwa, ndiye amene akuganiza kuti kayaki ibweza ndalama zake pogulitsa snoek mu lokeshoni adziwiretu kuti akuswa lamulo, ndipo kwa munthu amene mapepala ake okhalira m'dziko ndi ovutavuta kale, mlandu wa nsomba si wofunika kuuputa. Nsomba zambiri zili ndi muyezo wake, snoek isachepere masentimita 60 ndipo musapitirire khumi pa tsiku, red roman masentimita 30 ndipo ziwiri zokha, geelbek masentimita 60 ziwirinso, chokka musapitirire 20 pa tsiku. Matani tepi yoyezera pa bwato pomwepo. Komanso gombe lonse la peninsula lili m'malo otetezedwa a Table Mountain National Park kuyambira 2004, ndipo m'kati mwake muli zigawo zimene simuloledwa kuwedza n'komwe, monga Boulders pamene pali ma penguin, Castle Rock, Paulsberg ndi St James. Castle Rock yayandikana kwambiri ndi Miller's Point, pamadzi palibe mpanda, mphepo ikhoza kukulowetsani chingwe chili m'madzi inu osadziwa, ndiye onani mapu musananyamuke ndipo zindikirani miyala ya malire.

Ambiri a ife tigula yogwiritsidwa kale ntchito pa Facebook Marketplace kapena Gumtree, ndipo palibe cholakwika, bola kuyang'ana bwino. Ya pulasitiki itembenuzeni muone pansi, makamaka kumchira kumene imakhulika poikoka, ndi m'mphepete mwa timabowo tija chifukwa ndi mmene imayambira kung'ambika, ngati mtundu wafwifwa kwambiri ndiye kuti yakhalitsa padzuwa. Ya faiba dinikizani ndi chikhatho paliponse, pamene pakufewa kapena kulira tsekete ndiye kuti pali vuto m'kati, onaninso msoko wolumikiza pamwamba ndi pansi ndi zingwe za chiwongolero. Inyamuleni, ngati ikulemera modabwitsa mwina yamwa madzi. Wogulitsa akakana kuti mukaiyese pamadzi, musiyeni. Ndipo pa ndalama zimene mwasunga musathere zonse pa bwato, siyani za laifu jaketi, wetsuit, nkhafi yopepukirako ndi zomangira pa denga la galimoto, kachipangizo koonera nsomba pansi kadzabwera chaka chamawa.

Mchere nawo ndi mdani amene ife a madzi ozuna sitinamuzolowere. Mbedza imene ku Mangochi ingakhale chaka kuno imachita dzimbiri sabata imodzi, zipi amauma, makina okulungira chingwe amalira ngati njinga yakale. Mukafika kunyumba tsukani zonse ndi madzi a pampopi, bwato, ndodo, chiwongolero, ngakhale mwatopa chotani, tsegulani chivundikiro kuti m'kati muume, ndipo musunge pamthunzi chogoneka chammbali. Dzenje la nsomba lija mukaiwala kulitsuka Loweruka, pofika Lachiwiri a landilodi akhala akugogoda pakhomo.